Funsani Musanakweze Dzanja pa Meja

Mwini sitolo atalamula kuti onse ogwira ntchito pakhonde lake achoke, bambo wosoka nsapato anafika kunyumba nkhope ili ngati nsapato yogona pamvula.

"Wamwalira ndani?" anafunsa akazi awo.

"Malo akupita, mayi. Matelala akuti ife, iwowo ndi ometa tigwirizane kuti tikadandaule pamodzi. Wapampando wawo, Atayi aja, akuti tichite meja. Mawa tikweza manja."

"Meja n'chiyani?"

"N'Chingerezi chimenecho. Sichifunsidwa."

"Inu guluu mumayamba mwanunkhiza musanagule, koma meja mungomeza?"

Mayiwo anakaitana mnansi wawo, mlangizi wa mabungwe a amalonda. Iye atamva nkhaniyo anaseka.

"Achimwene, kugwirizana n'kwabwino, koma kuli mitundu. Pa meja magulu onse amatha, n'kubadwa gulu limodzi. Ali ngati shuga mu tiyi, akalowa simungamutolenso. Ndiye ochuluka ndiwo amalamula. Matelala ndi ambiri, inu mulipo atatu. Atafuna pangodya panu poyang'ana kumsewu paja, mukana ndi manja angati?"

"Asanu ndi limodzi, tikakweza onse awiri."

"Mwaonatu. Palinso kowalishoni. Imeneyo ndi ya anthu okankha galimoto: ikalira, aliyense ulendo wake. Koma fedareshoni ili ngati nyumba za mumpanda umodzi. Geti ndi limodzi, koma aliyense ali ndi kiyi wa chitseko chake. Gulu lanu limasunga dzina, malo ndi mtsogoleri wake, koma pa nkhani zazikulu mumalankhula pamodzi."

M'mawa mwake kumsonkhano, bambo aja anaimirira manja ali m'thumba.

"A wapampando, tikachita meja, pangodya panga pakhala pa ndani?"

Atayi anakonza tayi. "Eee, zimenezo gulu lidzaona."

"Gulu lake liti?" anakuwa wometa wina, lumo lili m'manja.

Bambo aja anafotokoza mitundu itatu ija, ndipo anthu anasankha fedareshoni. Atayi anang'ung'udza pang'ono, koma atawasankha kukhala wolankhulira onse, anayamba kunena kuti maganizowo anali awo kuyambira kale.

Atsogoleri atatu anapita kwa mwini sitolo. Anamulonjeza kuti azisesa pakhonde ndiponso sazitseka khomo la makasitomala. Iye ataona kuti akulankhula ndi khonde lonse, anavomera kuti akhale. Wosoka nsapato anabwerera pangodya pake.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma musanalowe mumgwirizano, funsani kuti ndi wamtundu wanji, mutaya chiyani ndipo musunga chiyani. Kufunsa tanthauzo la mawu si umbuli, ndi ufulu wanu.