Mono wa pa Khoma la Tahira

Mvula ikatha, amayi a ku Chisepo amakongoletsa makoma a nyumba zawo ndi katondo, makala ndi dothi loyera. Ena amajambula maluwa, ena nkhanga. Kezia yekha ankajambula mono, dengu lalitali lija lokolera nsomba.

Mwamuna wake, Elifala, ndiye anali katswiri woluka miyono kuderako. Luso limeneli analitenga kwa atsibweni ake. Ankatchinga mtsinje ndi biyo, mpanda wa mitengo ndi bango, n'kusiya mipata yotcheramo miyonoyo. M'mamawa ankabwera ali chinyowere, matemba ndi milamba zili phiriphiri m'thumba. Koma mtsinje unakwiririka ndi mchenga, fodya nayenso anakanika, ndipo Elifala analowera ku Joni. Poyamba ankaimba foni. Kenaka kunangoti zii, mpaka mwana wawo Rakele, yemwe anamusiya ali kumsana, anayamba sukulu.

Tsiku lina Tahira, mwini golosale ya pamsika, anaima pakhomo pa Kezia n'kuyang'anitsitsa khomalo.

"Achemwali, ana a masiku ano chinthu ichi sakuchidziwa. Bwanji mudzandijambulire chachikulu pasitolo panga? Penti ndili naye."

Kezia anapita. Anajambula mtsinje wodzaza mpaka m'gombe monga unkakhalira kale, biyo, ndi mono waukulu pakati. Poika mizere ya nsungwi ankakumbukira zala za Elifala zikulukana nazo pansi pa mtengo wa mango. Madoda ankaima ndi njinga zawo kumauzana za malo amene makolo awo ankatchera. Tahira anajambula khomalo pafoni n'kutumizira mlongo wake Anwar, amene amagwira ntchito ku Joni komweko.

Patapita masabata, Tahira anakodola Kezia pamsika n'kumulowetsa kuseri kwa kauntala.

"Chithunzi chija chayenda m'mafoni a anthu akwathu. Kwabwera mawu anu. Khalani kaye pansi."

Anadina foni. Kunamveka phokoso la magalimoto, kenaka munthu anatsokomola.

"Mayi a Rakele, ndine. Ndangoona nsungwizo ndadziwa kuti ndi dzanja lanu. Komatu kakhomo kam'kati mwakakulitsa, pamenepo mlamba ungatuluke." Anaseka pang'ono, kuseka kwake kuja, koma kotopa. "Kuno zinthu sizinandiyendere. Ndinkasowa poyambira. Kodi pa dziwe lathu lija madzi akadalipo?"

Mawu anathera pomwepo. Kezia anapempha kuti awabwereze, Tahira anabwereza, kenaka anapita kukagulitsa sopo kuti mnzakeyo atsale yekha.

Atabwerako anati, "Muwayankhe. Gwirani apa, muzilankhula. Muwafunse abwera liti."

Kezia anagwira foniyo ndi manja awiri. Mafunso anali nawo ambiri, koma limenelo analiopa.

"Bambo a Rakele, takumvani. Madzi amakhalapo mvula ikagwa, pofika Ogasiti pamauma. Nsungwi zanu za kudimba zakula, palibe akudula. Rakele watalika, wandifika m'khwapa. Amafunsa."

Anachotsa chala, uthengawo unapita. Anakhalabe pa thumba la mchere kudikira mpaka dzuwa linapendeka, koma tsiku limenelo yankho silinabwere. Ponyamuka anauza Tahira kuti mawa abweranso, ndipo abwera ndi mwanayo kuti adzamve mawu a bambo ake.