Chingwe cha Tukummeq

Kwathu ku Ilulissat munthu amadziwika ndi boti lake. Bambo athu, a Jokum, anakalambira panyanja, ine Ujarneq n'kutsata mapazi awo, koma mlongo wanga Tukummeq anatengera kwina. Anapita ku Copenhagen ali kamtsikana, anabwerako atavala magalasi, ntchito yake ili yoyeza ayezi wa kumtunda, chimphiri cha madzi oundana chimene chinafunda dziko lathu n'kutisiyira m'mphepete mokha.

Bambo sankaiwerengera ntchito imeneyo. Tikakhala pa chakudya ankakonda kumuputa.

"Ndiye wati nyanja ikukwera?"

"Ikukwera, bambo."

"Ikukwera bwanji? Tationetsa ndi manja."

"Ayezi wathu yekhayu amakweza nyanja za dziko lonse pafupifupi kukhuthala kwa chikhadabo, chaka ndi chaka."

Bambo anayang'ana chikhadabo chawo chakuda chija, n'kuchionetsa kwa ine. "Wamva, Ujarneq? Sukulu yonse ija, watibweretsera chikhadabo. Mwana iwe, pita ukaone pamene ndimakocheza. Mwala umene ndinkaudutsa pamwamba ndili mnyamata, lero ukukanda boti langa kumimba. Nyanja ikutsika. Aphunzitsi akowo anagwira pepala chadodolido."

"Simukunama, ndipo inenso sindikunama," anatero Tukummeq osakwiya. "Ayezi akamapepuka, nthaka imene ankaipsinja imadzuka, ngati matiresi munthu akachokapo. Ndiye kuno nyanja ikuoneka yotsika. Madziwo akukathera kutali, m'makomo mwa anthu a m'zilumba zotentha amene ayezi sanamuonepo n'komwe."

"Dziko lasanduka matiresi!" Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

Chaka chimene ndikunenachi, chilimwe chili kumapeto, mkulu wa gulu la ofufuza limene Tukummeq ankagwiramo ntchito, mphunzitsi wa ku Denmark dzina lake Ebbe Thorlund, anaterereka pa masitepe a padoko n'kuthyoka mwendo. Zinachitika kutatsala ulendo umodzi wokha wa helikopita. Kumtundako anali atazika milongoti yachitsulo, uliwonse uli ndi kabokosi kosunga zimene makina ayeza chaka chonse. Ayezi akasungunuka mlongoti umatsala pamtunda, ndipo ngati munthu sapita kukauzikanso nyengo yozizira isanafike, umagwa, ntchito ya zaka n'kuduka pakati. Ebbe ali chigonere m'chipatala ananena kuti Tukummeq atsogolere.

Tukummeq anandipeza padoko ndikuika nyambo ku mbedza.

"Achimwene, mawa musapite kunyanja."

"Kwagwanji?"

"Ndikufuna munthu wodziwa chingwe, wa msana wolimba, wosalankhula kwambiri."

"Ziwiri zoyambazo ndili nazo."

"Chachitatucho ndipirira."

Ndinamuuza kuti ine ndine munthu wa m'madzi, zouluka ndinasiyira mbalame. Iye anangoti, "Ndiye ndikauze anthu kuti mwana wa a Jokum akuopa?" M'mawa mwake ndinali m'helikopita, nditakumbatira chikwama ngati khanda.

Woyendetsa anali mayi wina wa ku Nuuk, Rasmine, wa pakamwa pakuthwa. Asanatitsitse anatichenjeza. "Nkhungu ikubwera kuchokera kunyanja masana ano. Ndikanena kuti tiyeni, palibe zoti dikirani pang'ono. Ndili ndi ana kunyumba."

Moyo wanga wonse ndakhala ndikuzemba zibuma za ayezi ndi boti, koma kumtunda kumene zimachokera ndinali ndisanapondeko. Ndinkayesa n'koyera mbee ndiponso kwachete. Ayi ndithu. Ayezi wake anali wotuwa ngati phulusa, wokumbikakumbika, ndipo paliponse pankayenda mitsinje yobiriwira ngati thambo, ikusokosera.

Pa mlongoti woyamba Tukummeq anandilozera mzere wa penti yofiira.

"Gwirani pamenepo."

Ndinatambasula dzanja, ndinanyanyamphira, koma osafikapo.

"Chaka chatha ndinapenta mzerewo nditagwada," anatero. "Unali pa ayezi penipeni."

Ndinayang'ana mzere uja, kenako ndinayang'ana uku ndi uku, chipululu chonsecho mpaka kumene maso amalekezera. Zonsezo zinali zitatsika chonchi m'chilimwe chimodzi. Ndinasowa chonena, ndipo mlongo wanga anaseka. "Ndaona, chachitatu chija mwachipeza."

Tinagwira ntchito ngati agalu okoka ngolo pa ayezi. Iye ankatsegula mabokosi n'kusintha mabatire, ine ndinkanyamula makina obowolera ndi nthunzi, amene amalowa mu ayezi pang'onopang'ono ngati mpeni wotentha m'mafuta. Ankalamula mwachidule, osakweza mawu. Nditazika mlongoti wina mopendama pang'ono anandizulitsa. "Ma setilaiti amayeza kuchokera kumwamba, koma amadalira ife kuti tiwauze ngati akulondola. Mlongoti wopendama ndi mboni yabodza, achimwene." Mwana amene ndinkamubereka kumsana anandibwerezetsa ntchito, ndipo ndinabwereza osang'ung'udza.

Vuto linali pa mlongoti womaliza. Titafika tinapeza mtsinje utasintha njira. Unali utazungulira mlongotiwo n'kuusiya pa kachilumba kopapatiza, ndipo pang'ono chabe kumunsi kwake madzi onsewo ankagwera m'chidzenje chakuda, chopanda pansi pooneka. Mkokomo wake unkamveka m'mano. Mlongoti unali utaweramira komweko.

Rasmine anapukusa mutu. "Umenewo usiyeni. Nkhungu ija siyo, yayamba kukwera."

"Umenewu ndi wakale kuposa yonse," anayankha Tukummeq. "Kabokosi kake kanasiya kutumiza uthenga nyengo yozizira yapitayi. Zonse za chilimwe chino zili m'kati mwakemo basi. Kakagwera m'dzenjemo, palibe amene adzadziwe."

Anaguba m'mbali mwa mtsinje mpaka anapeza pamene unali wopapatiza, ayezi atatulukira ngati mwala wopondapo. Anakhoma zitsulo ziwiri mu ayezi, n'kuyamba kudzimanga chingwe m'chiuno.

"Iwe, vula chimenecho," ndinatero. "Wamkulu ndine. Bambo ndikawauza chiyani?"

"Mukudziwa waya woyamba kumasula?"

"Undiuza uli konkuno."

"Nanga mukagwa, ndi thupi lanulo, akukokeni ndani? Ine? Mumadya ngati anthu atatu. Gwirani chingwe, ndi chimene ndinakutengerani."

Ndinayang'ananso mfundo zake, ndinamanganso imodzi mwa njira yanga, n'kukhala pansi zidendene nditazikhomera m'mng'alu. Rasmine anatukwana pang'ono, koma anabwera kudzagwira kumbuyo kwanga.

Tukummeq analumpha bwino, phazi loyamba linatera. Lachiwiri linapeza ayezi wowola, ndipo anaphwasuka. Ndinangoona mlongo wanga akulowa m'madzi mpaka pachifuwa, mtsinje n'kumutembenuza kuloza kudzenje. Chingwe chinakoka mwamphamvu moti magolovesi anang'ambika. Ndagwirapo nsomba zazikulu, ndagwirapo boti pa namondwe, koma sindinagwirepo chinthu ngati mmene ndinagwirira tsiku limenelo. Ndinkakuwa dzina lake, sindikudziwa kangati.

Anakhoma kankhwangwa kake kobayira ayezi m'mphepete, anadzikoka ndi zigongono, n'kutuluka. Koma anatulukira tsidya linalo.

"Bwerera!" anakuwa Rasmine. "Wamisala iwe, bwerera!"

Iye anangotikwezera dzanja, n'kukwawa chamimba kupita ku mlongoti. Tinkamuona akulimbana ndi mabawuti, zala zitauma, mpaka anavula golovesi ndi mano. Zinatenga nthawi yoti munthu n'kukalamba. Kenako anaika kabokosi m'chikwama, anamanga chikwamacho pachifuwa, n'kubwerera. Ulendo uno tinachita kumukoka ngati thumba.

Milomo yake inali itada, mano akugundana. Rasmine anamuvula zonyowazo n'kumukulunga m'zofunda, akumukalipira ngati mwana wake. Atangomwa tiyi wotentha, Tukummeq analoza kamtunda kena kouma.

"Tizike watsopano apo."

"Ndati tiyeni!"

"Achimwene abowola msanga. Tikapanda kuzika, chaka chamawa pano padzakhala popanda mboni."

Rasmine anayang'ana nkhungu, anayang'ana mlongo wanga, n'kunyamula yekha mlongoti watsopano uja paphewa. Tinanyamuka nkhungu itayamba kale kumeza mtsinje. Titatera Rasmine anakumbatira Tukummeq, n'kumuuza kuti asadzakwerenso ndege yake. Tukummeq amakwerabe mpaka lero.

Bambo ndinawafotokozera ndekha, Tukummeq atagona. Anamvetsera akusoka ukonde, osadzutsa mutu.

"Wati atagwa anatulukira tsidya liti?"

"La kumlongoti."

"Osati la kwa iwe?"

"Ayi."

Anaika ukonde pansi, anati akukaona agalu, ndipo anakakhalitsa kunjako.

Miyezi ya mdima itadutsa, kunabwera uthenga. Zimene zinali m'kabokosi kaja zinathandiza kukonza mawerengedwe a gulu lawo lonse, ndipo pa lipoti limene linatumizidwa kwa akatswiri a maiko ena, Ebbe anaika dzina la Tukummeq patsogolo pa lake. Tsiku lomwelo bambo analengeza kuti pakhomo pathu pakhala kaffemik, phwando la khofi lija timachitira mwana akapha katumbu wa m'nyanja koyamba. Anthu anabwera tsiku lonse mosinthana, nsapato zitaunjikana pakhomo. Panali makeke, nsomba zouma ndi chikopa cha namgumi chimene bambo anachisunga kuyambira chilimwe.

A Pavia, mnzawo wa bambo wa pa ubwana, sakanatha kudya osaputa munthu.

"Jokum, tadya, takhuta. Koma nyama imene wapha mwanayu ili kuti? Tionetseni chikopa."

"Iwe Pavia, unayamba wapha chinthu choti anthu a tsidya lina la dziko n'kudyako?" anayankha bambo. "Akumanga makoma a m'nyanja kumeneko poyang'ana manambala a mwana wanga. Iwe katumbu wako woyamba uja anali atafa kale, tonse tikudziwa."

Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka. Bambo anaimirira kuti alankhule mawu, anagwira kapu, anayamba ndi dzina la Tukummeq, koma anathera pomwepo. Anangokhalanso pansi n'kunena kuti khofi watentha kwambiri.

Alendo atachepa bambo anaitana Tukummeq pambali. "Chaka chino ukamapita, pa ndegepo pamakhala malo?"

"Bambo, mumaopa ngakhale makwerero."

"Ndafunsa za malo."

Chilimwe chotsatira anakwera. Ulendo wonse anatsinzina, atagwira bondo langa mpaka kulisiya ndi zipsera. Koma atangoponda pa ayezi anawongoka, anayang'ana mfundo zanga n'kunena kuti ndimamanga ngati mlendo. Kenako anasenza makina obowolera aja, nkhalamba ya imvi mbuu, n'kupita kukaima pamaso pa mwana wawo wamkazi.

"Tiboole pati, abwana?"