Chamba cha Dunstan

Mayi wina analowera pa kageti ka m'mbali osagogoda, ngati munthu wodziwa kuti loko wake anathyoka kalekale. Rhoda anamuonera pawindo la kukhitchini. Anali wamtali, atavala jekete lachimuna, ndipo anangolunjika kuseri kwa shedi kumene kunali chamba cha Dunstan.

Rhoda anatuluka ndi sokosi zokha kumapazi.

"Mayi, mwasochera. Basi ya m'tauni amakwerera kumsewu uko."

"Sindinasochere," anayankha mlendoyo m'Chichewa chakumudzi chosasakaniza, maso ali m'mwamba. "Ndiye mwangoilekerera chonchi?"

Mitengo ya chambayo inalipo iwiri. Dunstan, bambo amene Rhoda ankakhala naye, anaidzala dzinja litangotha, ati ndi mankhwala a msana wake womwe anavulala ponyamula katundu ku weyahausi. Tsopano iye anali gone m'chipatala kudikira opareshoni, ndipo mitengo inakula ngati yapenga. Nsonga zake zinapitirira mpanda n'kumabayibitsa dera lawo lonse la Braunstone. Mphepo ya Seputembala inali itakhadzula kale nthambi imodzi yolemera ndi maluwa.

Rhoda ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo visa yake yokhalira m'dziko la azungulo inatsamira pa ntchitoyo. Apolisi akangomupeza ndi mlandu, ntchito yatha, iye ulendo wa kumudzi. Kangapo konse anatenga sowo kuti adule, koma ankakumbukira nkhope ya Dunstan pa pilo wa kuchipatala, akunong'ona kuti, "Ukadula, wadula ine." Basi, ankabwezera sowoyo m'shedi.

Mlendo anasolola chitenje chakale m'chikwama, anachiluma m'mphepete n'kuyamba kuching'amba timizeremizere. Kenako anazula nsungwi zimene Rhoda anayangitsirapo nyemba.

"Iii, nyemba zangazo! Kodi ndinu ndani?"

"Ndigwirireni apa."

"Ndafunsa dzina."

"Dzina silimanga nthambi. Gwirani."

Rhoda sanadziwe chimene chinamugwiritsa, koma anagwira. Mayiyo anakhoma nsungwi pansi ndi njerwa, anafungatira nsonga ya mtengo n'kuiweramitsa pang'onopang'ono, monga munthu wogoneka mwana amene wagonera pamsana. Anaimangirira ku nsungwi ndi kansalu, mosathinitsa. Mtengo unabisala kunsi kwa mpanda. Atapeza waya amene Dunstan anamangira thunthu, anatsonya.

"Waya! Taonani mmene wadyera khungwa. Inuyo atakumangani waya pakhosi mungakule?"

"Sindinamange ndine."

"Ndikudziwa. Manja anuwa sanamangepo kanthu. Ofewa bwanji! Ndi omwe mumapukutira azungu okalamba aja?"

Rhoda anasiya nthambi, ndipo inamukwapula mayiyo patsaya. Iye sanaphethire n'komwe.

Rhoda anati, "Tamverani, mayi. Ngati akutumani anyamata achamba a ku Highfields, kawauzeni kuti pano sitigulitsa. Tulukani ndisanakole polisi pafoni."

"Akoleni. Mudzawauza kuti abwere adzaone chiyani, kabichi?"

Anagwada n'kuyamba kuthyola masamba achikasu ndi timphukira tofooka ta m'munsi, zala zikuthamanga zokha osayang'anako. Fungo linadzaza pabwalo, lokoma, lolemera. Linali fungo lomwe lija la m'malaya a Dunstan, limene Rhoda ankabisamo nkhope madzulo akamavina awiriwiri m'khitchini, n'kumaganiza kuti padziko lonse amalidziwa ndi iye yekha.

"Dunstan sanadziwepo kusamala," anatero mayiyo, akuyankhula ndi mtengo. "Iye n'kudzala basi. Zikamera, wapita."

Rhoda anamuyandikira.

"Mumamudziwa?"

"Nanga inu mumamudziwa?"

Asanayankhe, katani inasuntha pawindo la m'mwamba la nyumba yoyandikana. Andy, mzungu wa pamenepo, amene anasiya kuwapatsa moni chidandaulireni za fungo, anaima ndi foni kukhutu, akuloza pansi. Rhoda anathamangira m'shedi n'kutulukamo ndi sowo. Mayiyo anamugwira pamkono. Dzanja lake linali ngati mbano.

"Ndisiyeni! Mukufuna andithamangitse m'dziko muno?"

"Mudula, kenako muumeza? Nanga fungo mulidula ndi chiyani?"

"Mfiti inu! Mwabwera kudzandipha!"

"Ndikanafuna kukuphani sindikanaononga chitenje changa."

Analimbirana sowoyo mpaka anagwera m'nyemba. Rhoda anakhala pansi m'matope, akupumira m'mwamba. Mayiyo anabwerera ku mtengo wachiwiri n'kupitiriza kumanga, nthambi ndi nthambi, mosapupuluma. Ngakhale pamene galimoto inaima kumsewu, zitseko n'kumenyetsedwa, iye anali akumalizitsa mfundo.

Analowa apolisi awiri, wamkazi patsogolo. Anayang'ana mitengo, anayang'ana sowo, kenako anayang'ana Rhoda ndi yunifomu yake ya kuntchito imene inali pachingwe.

"Mumakhala pano ndinu?" anafunsa m'Chingerezi.

Rhoda anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye mitengoyi ndi yanu?"

Rhoda anatembenukira ku mitengo ija. Akanati ndi ya Dunstan, apolisi akanakamutenga pa bedi la chipatala. Akanati ndi yake, zonse zikanathera pomwepo.

"Ndi yanga," anatero mlendo m'Chingerezi chake cholemera. Anatambasula manja obiriwira, onata utomoni, kuti wapolisi awaone. "Mbewu yanga, ntchito yanga. Uyu sadziwa kanthu. Taonani manja ake."

"Mwapenga?" Rhoda ananong'ona m'Chichewa. "Akubwezani kumudzi!"

Mayiyo anacheuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso. Munalibe chisoni m'maso amenewo.

"Musayese ndikukuchitirani chifundo, mtsikana. Bedi lake munatenga, mbale yake munatenga, kuchipatala mumakakhala pa mpando wanga. Koma mlandu wakewu simuulawa. Akamadzadzuka ku opareshoniko akamuuze amene wamuvutikira, tione ngati adzatchule inu."

Wapolisi uja anayang'ana mayi uyu, anayang'ana uyo, osamva kanthu.

"Chabwino," anatero kwa mlendoyo. "Ndinu ndani, ndipo pali ubale wanji ndi nyumba ino?"

Mayiyo anapukutira manja pa jekete, anaimirira chilili pakati pa mitengo yake yowerama, n'kuyankha mokweza kuti ngakhale Andy pawindo paja amve.

"Bambo wa nyumba ino ndi mwamuna wanga. Tinamanga ukwati woyera ku Nkhotakota, ndipo sunathe. Iye ndi Dunstan Kachingwe. Ine ndine Lois Kachingwe."