Ovolosi Yobiriwira ya a Edson

Makina anakoka kansalu kaja mpaka kanaduka, ndipo Akuzike anayang'ananso nambala pa kompyuta. Aka kanali kachisanu, koma nambala inali yomweyo. Nsalu yobiriwira, imene fomu yochonga oivala inkati yavalidwa pansi pa mgodi masabata makumi awiri n'kumachapidwa Loweruka lililonse, inali yolimba ngati yongodulidwa kumene m'sitolo.

Anayenera kusangalala. Kafukufuku wa digiri yake yachiwiri, pa yunivesite ina ku Ndola, anali wofuna kudziwa nsalu imene imapirira thukuta, fumbi ndi sopo pakati pa yabuluu ndi yobiriwira. Anasoketsa maovolosi atatu a mtundu uliwonse. Abuluu anawapereka kwa anthu a kumgodi amene sankawadziwa, ndipo anabwerako atasuluka, m'mawondo mutapyapyala. Obiriwira anawatumiza kwa bambo ake ku Kitwe kuti agawane ndi anzawo awiri. Atabwerako ali mbee, iye anangoti amayi a kumpingo kwawo ndi akatswiri pochapa.

"Zotsatira zokongola izi, lemba basi," anatero a Dokotala Masauso, omuyang'anira. Lachisanu anayenera kukazifotokoza pamaso pa aphunzitsi, ndipo mwini kampani ina yosoka zovala ankangodikira mawu ake kuti aitanitse mipukutu ya nsalu.

Koma mtima unakana kukhala pansi. Anatsegula zenera, n'kulitsekanso. Kenako anatola kolala yotsala n'kuinunkhiza. Akuzike anakulira m'fungo la ovolosi ya bambo ake, la girisi ndi mwala wonyowa, limene ngakhale sopo wa mtundu wanji salichotsa. Kolala iyi inkanunkha m'sutikesi.

Anakwera basi ya ku Kitwe masana omwewo, Lachitatu, zidutswa zili m'chikwama. Njira yonse ankangogwedeza mwendo, mpaka mayi amene anakhala naye anamufunsa m'Chibemba ngati akudwala.

Ku Nkana West anapeza amayi ake, a Maud, akusita bulauzi yoyera ya ku Mvano, pamene bambo ake, a Edson, anali pakhonde atangoweruka ku shifiti.

"Wabwera osaimba foni? Kwagwanji?" anafunsa a Maud.

"Amama, ovolosi yobiriwira ija munaichapa kangati?"

"Ya ku yunivesite ija? Awe mwandi, ndichape chiyani chinthu chosada?"

Pakhonde panamveka kutsokomola. Akuzike anatuluka n'kukaima patsogolo pa bambo ake.

"Adadi, pa fomu munachonga ka twente."

"Ee, ndinachonga. Loweruka lililonse, sindinaphonyepo."

"Koma munkaivala?"

"Ndinaivala. Ndinaiyesa pagalasi, inandikhala bwino sana." A Edson anakanda kumutu, kenako anakweza mawu ngati olakwiridwa ndi iwo. "Iwe ukukudziwa pansi kuja? Matope, girisi, madzi odontha. Chinthu choyamba mwana wanga kundipatsa, chokhala ndi dzina la yunivesite pathumba, ndikakwawe nacho pansi pa makina? Ndinkavala yanga yakale."

"Nanga anzanu aja, ba Jairus ndi ba Nicodemus?"

"Ndinawachenjeza bwinobwino. Ndinati amene ang'ambe ovolosi ya mwana wanga asadzandipatsenso moni kutchalitchi."

A Maud anaphulika kuseka ali pakhomo. "Ndinawauza ine kuti mukuchonga bodza, inu mkulu wa mpingo! Ati ayi, n'kumuthandiza mwana." Ataona nkhope ya Akuzike, kusekako kunathera pakhosi.

Akuzike anakwiya kwambiri, koma anasowa poyambira. Ungamukalipire bwanji munthu amene wakuwonongera ntchito ya miyezi isanu chifukwa chokunyadira? Anayenda mpaka pageti, n'kubwerera, n'kupitanso. Ndipo ali pageti paja, maganizo oipa anamufikira mwaulemu kwambiri. Mafomu onse anali atasayinidwa. Nambala zinachokeradi m'makina. Odziwa zoona anali madoda atatu amene sakanaulula ngakhale atawaopseza. Akanangokhala chete, mu Novembala akanavala gawuni yolandirira digiri.

"Nanga ovolosi ija ibwera liti?" anafunsa a Edson, iye atabwerera pakhonde. "Ndikufuna ndidzajambulitse nayo pa tsiku lako lija."

Akuzike anatsegula chikwama n'kukhuthulira zonse patebulo. Tinali tizidutswa tatitali ngati malamba, tilitonse toduka pakati, ulusi uli nyankhalala. Pamwamba panagwera thumba lokhala ndi dzina la yunivesite.

A Edson anayang'ana nthawi yaitali. Anatola thumba lija n'kuliwongola pabondo.

"Waidula?"

"Ndiyo ntchito yake, adadi. Inasokedwa kuti muivale mpaka itope, ine ndiidule, makina aikoke, tione mphamvu imene yatsala."

"Ine kuisunga konse kuja..." Zinawapweteka, ndipo Akuzike anamva chisoni kuposa mkwiyo umene anabwera nawo.

A Maud anazimitsa ayironi n'kudzakhala pampando.

"Tandiuza," anatero a Edson, maso ali pathumba. "Ukakanena Friday kuti nsalu iyi ndi yolimba, chichitike n'chiyani?"

"Asoka maovolosi ambirimbiri."

"Avale ndani?"

"Inu. Ba Jairus. Anyamata onse a pa shifiti yanu."

"Chonsecho palibe amene akudziwa ngati ndi yolimbadi."

"Palibe."

A Edson anagwira ntchito yokonza makina pansi pa mgodi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankadziwa zimene chitsulo chotentha chimachita pa mwendo ngati bondo la ovolosi labooka. Anapumira m'mwamba.

"Ukanena zoona, gawuni ya Novembala?"

"Yapita. Mpaka chaka chamawa."

"Ine ndinauza kale mpingo wonse," anadandaula a Maud chapansipansi.

Akuzike anatulutsa foni. Anaimba ali pomwepo kuti onse amve. A Dokotala Masauso anafunsa kawiri ngati akudziwa chimene akutaya. Iye anati akudziwa. Anamuuza kuti alembe kalata, ndipo anati iwo eni auza a kampani kuti adikire.

Atadula foni, misozi inatsika, ndipo sanaibise.

"Nsalu yatsalako?" anafunsa a Edson.

"Ilipo."

"Kasoketse ena atatu. Ba Jairus ndi ba Nicodemus ndikalankhula nawo ndekha, ndine ndinawasokoneza."

Patapita sabata, a Edson anatsikira pansi atavala ovolosi yobiriwira yatsopano, ndipo anabwerako itada mpaka dzina la yunivesite osawerengeka. Loweruka anaima pambali pa beseni, fomu ili m'manja, akuyang'ana a Maud akuifikisa.

"Musaimvere chisoni," anatero.

"Chisoni munali nacho ndinu," anayankha a Maud.

A Edson sanachonge mpaka madzi akuda aja atatayidwa. Kenako anapinda fomu n'kukaiika m'Baibulo, momwe anasunga thumba la ovolosi yoyamba ija.