Maluwa a Pamtumbira wa Rhoda

Esnat ankachapa ndi kusita zovala m'nyumba ya bwana wamng'ono wa esiteti, pamtunda pomwe mizere ya tiyi inkayambira kutsetsereka mpaka kumtsinje. Mwamuna wake, Dixon, ankasamalira maluwa panyumba yomweyo. Anali ndi mwana mmodzi, Rhoda, koma chikuku chinamutenga akadali wamng'ono. Anamuika m'kankhalango ka kutsidya kwa mtsinje, malo okhawo amene azungu sanadule mitengo podzala tiyi, chifukwa munali manda.

Namwino wina wa ku Makwasa, amene anali pambali pa mwanayo pomwalira, anapatsa Esnat mitu ya maluwa yooneka ngati anyezi. Anamuuza kuti siifuna kuthirira, imadzuka yokha chaka ndi chaka. Esnat anaikwirira kumutu kwa mtumbira. Chilimwe chilichonse anthu akapita kokalambula manda, ankapeza maluwa ofiira, aakulu ngati chikhatho, atatambasuka pamenepo.

Dona wa m'nyumbamo anali ndi nthenda ya maluwa a m'miphika. Pakhonde, pamazenera, ngakhale m'bafa, ponseponse panali mphika. Nyengo yozizira, chiperoni chikatseka mapiri n'kuyamba kuwaza, otchola tiyi akunjenjemera atafunda masaka, iye ankafuna pabalaza pake paziwala maluwa. Mitu yake ankaitanitsa kwawo, kutsidya la nyanja. Dixon ankaidzala m'dothi lakuda losakaniza ndi mchenga, n'kuibisa mumdima m'sitolo yosungiramo katundu mpaka mizu igwire, kenako n'kuisendeza kufupi ndi moto wa pabalaza. Ankatembenuza miphika m'mawa uliwonse kuti mapesi asapendekere kuzenera, ndipo masamba ankawapukuta ndi kansalu konyowa, limodzilimodzi.

Chaka cha 1956 mitu ya kutsidya inafika itawolera m'sitima. Dona anakalipira aliyense amene anadutsa pamaso pake. Kenako ukali unatha wokha, ndipo m'sitolo munaoneka miphika yodzalidwa kumene. Amene anasintha anali Dixon. Ankangodya pang'ono, ankachedwa kufika kunyumba, ndipo Esnat akamufunsa ankangoti ntchito yachuluka.

Kumapeto kwa Julaye Esnat analowa pabalaza ndi makatani osita. Pazenera la pafupi ndi moto panali maluwa ofiira atatambasuka, mapesi ake atamangiriridwa ku tinsungwi. Anaima n'kuwayang'ana. Dona anaganiza kuti akusirira, ndipo m'Chinyanja chake chothyokathyoka anayamba kudzitama. Anati anawaona chaka chatha akuyendetsa galu, akungomera okha kutchire kutsidya kwa mtsinje, pakamulu ka dothi, opanda mwini, opanda wowaona. Anati anthu a kuno sadziwa chinthu chokongola ngakhale chili pakhomo pawo, koma mwayi wake Dixon ndi wakhama, anakazikumba bwinobwino osadula muzu ndi umodzi womwe.

Esnat anaika makatani pampando n'kutuluka. Anakapeza Dixon kuseri kwa khitchini akusefa dothi, ndipo mwamunayo atangoona nkhope yake anasiya sefa. Sanakane. Anati anauza Dona kuti kumeneko ndi kumanda, ndipo mtumbirawo ndi wa mwana wake. Dona anayankha kuti sakufuna mafupa, akufuna maluwa basi. Atakananso, bwana anamuitanitsa n'kumukumbutsa kuti nthaka yonse kuchokera kumsewu mpaka kuphiri ndi ya kampani, manda omwe, ndipo wosafuna ntchito asiye nyumba ndi kamunda kake. Choncho anapita yekha, osauza akuluakulu, anapepesa mwanayo, n'kukumba ndi manja kuti khasu lisakhudze mtumbira.

"Bambo a Rhoda," anatero Esnat, "ndiye m'mawa uliwonse mwakhala mukuthirira, mukupukuta, madzulo n'kubwera kudzakhala nane pamphasa imodzi ngati palibe kanthu?"

"Nanga tikanalowera kuti, amake Rhoda?"

Esnat anatembenuka n'kumusiya pomwepo. Chimene chinkamutentha m'chifuwa sichinali kukumbako kokha. Dona anauzidwa. Anadziwa kuti ndi mtumbira, anadziwa kuti ndi wa mwana wa munthu amene amamuchapira zovala zamkati, ndipo anathabe kuima pamaso pake n'kunena kuti maluwawo analibe mwini.

Anabwerera pabalaza osagogoda. Anayala nsalu yake pansi, anatenga mphika woyamba, anautembenuza n'kuugunda pang'ono monga ankaonera mwamuna wake akuchitira. Dothi linatuluka lonse pamodzi ndi mizu. Anachita chimodzimodzi ndi inayo, dothi likumwazika pakapeti. Dona anabwera akuthamanga, akufuula kuti ndi wakuba, aitana polisi. Esnat anandandalika miphika yopanda kanthu pazenera pomwe inali, n'kumanga nsalu yake.

"Miphika yanu ndi iyo, Dona, sindinaswe. Izi n'za mwana wanga."

Anasenza mtolowo n'kutsika pakati pa mizere ya tiyi, maluwa akugwedezeka pamwamba pa mutu wake m'kamvula kowaza. Amayi otchola anasiya ntchito kumuyang'ana. Mmodzi atamufunsa, iye anayankha mwachidule, ndipo nkhani inayenda mzere ndi mzere. Kapitawo anakalipa kuti manja asaime, koma amayi angapo anatsitsa madengu awo n'kumutsatira.

Sanalunjike kumanda. Anayamba wapita kwa mkulu wa adzukulu kukapempha njira, monga mwa mwambo. Mkuluyo atamva anagwira pakamwa, anatenga ndodo yake n'kuwatsogolera. Pamtumbira anapeza maenje atakwiriridwa mosamala ndi masamba ouma. Esnat anafukula momwemo, anabwezeramo mitu ija n'kutsendera dothi ndi zikhatho. Maluwa ozolowera moto wa pabalaza sanapirire mphepo ya m'nkhalango. Sabata isanathe anali atafota. Mkulu wa adzukulu anamulimbitsa mtima kuti mutu ukakhala wamoyo pansi, zapamwamba zilibe kanthu.

Polisi sanabwere. Bwana sanafune kuti nkhani ya manda imveke ku boma nthawi imene anthu anali atayamba kale kung'ung'udza za malo. Anangolamula kuti Esnat asapondenso pabwalo la nyumbayo. Koma sanamuchotse ntchito Dixon, chifukwa kunali chionetsero cha maluwa kukalabu ya azungu ndipo panalibe wina wodziwa miphika ya Dona. Wophika ankafotokoza kuti Dona ankadandaulira anzake pa tiyi wamadzulo kuti anapatsa mkaziyo malaya ake akale kangapo, koma taonani mmene wamuthokozera.

Esnat atamva zimenezo anatulutsa malayawo n'kuwapereka kwa wophika kuti akabweze. Kenako anamanga katundu wake n'kupita kwa mlongo wake Leonard, kwa Mphuka. Dixon anamuperekeza mpaka kumsewu, akumupempha kuti adikire chionetsero chithe, adzakambirane bwino. Esnat anamuuza kuti njira ya kwa Mphuka akuidziwa, akadzatopa ndi miphika adzabwere.

Dixon anabwera mvula itayamba, atasiya ntchito yekha. Leonard anamupatsa malo olima m'mphepete mwa dambo. Esnat anamulandira, anamupatsa madzi osamba ndi chakudya, koma panapita nthawi yaitali asanamutchenso bambo a Rhoda.