Nkhope ya Abambo Ake

Chaka chimenecho a ku myuziyamu anagwirizana ndi a ku yunivesite kuti ana a kalasi ina ya pasukulu yapafupi aphunzire kuumba. A ku yunivesite anatumiza matumba a dongo ndi mphunzitsi wawo, mayi wamfupi wa zikhadabo zakuda amene ana anangowatcha a Matope. A ku myuziyamu analonjeza chipinda choonetseramo zoumbazo zikadzawotchedwa. Madamu a kalasiyo, amene zaka zonsezi ankaphunzitsa luso ndi choko chokha, anasangalala kuposa ana eni ake.

Ana anaumba zimene ana amaumba, magalimoto a matayala atatu ndi amphaka ofanana ndi mbuzi. Koma mtsikana wina wa kumbuyo, amene anzake ankamuti Duu chifukwa chosalankhulalankhula, anaumba mutu wa munthu. Madamu atangouona anaganiza kuti ayenera kukhala abambo ake a mwanayo. Anamwalira chaka cham'mbuyo, ndipo zithunzi zawo zonse zinapita ndi foni imene wina wopanda manyazi anaiba pamaliro pomwepo.

A Matope anaunyamula mutuwo n'kuupima m'manja.

"Ee, koma walemera! Mwanangu, uwu tiudula pakati ndi waya kuti tiugobe m'kati."

Duu anaulanda n'kuukumbatira. "Ayi."

"Dongo lokhuthala chonchi limaphulika mu uvuni, madzi a m'kati amasowa potulukira. Komanso tikausiya wosawotcha, ungonyenyeka wokha."

Anthu a dongo ndi otero, amanena za kudula mutu ngati akunena za mvula. Madamu anagwira njakata. Belu litalira anzake a Duu n'kuthamangira panja, iwo anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi mwanayo, osamufunsa kanthu, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndayamba kuwaiwala, Madamu," anatero Duu pamapeto pake. "Ndikatseka maso ndimangoona malaya awo. Manja okhawa ndi amene anakumbuka, ine sindikudziwa kuti zinatheka bwanji. Akawonongeka sindingathenso."

Mtima wa Madamu unawawa kwambiri. Anafuna kunena kuti palibe chiwonongeke, koma mwana wamasiye anamva kale mabodza okoma okwanira.

"Sindikulonjeza kuti sawonongeka," anatero. "Koma wina aliyense sawakhudza. Waya ugwira ndiwe, ine ndikhala pompano."

A Matope, amene anali atamva ali pakhomo, anabwera atafewa. Anakulunga nsonga za waya pa timitengo tiwiri n'kumupatsa mwanayo.

"Kunkhope sitipitako. Udutsitse kuseri kwa makutu, pang'onopang'ono, ngati ukupesa munthu wogona."

Duu anagwira timitengoto. Waya unalowa, unatsika, mutu n'kugawanika pawiri. Madamu anayala kansalu pamiyendo pawo n'kulandira nkhopeyo chafufumimba m'manja mwawo, ili yozizira ndi yolemera. Mwanayo anayamba kugoba ndi supuni, a Matope akumuuza kuti asiye khoma lokhuthala ngati chala chake. Kenako anakanda m'mphepete ndi foloko, anapakamo matope, n'kulumikizanso mbali ziwirizo. Mzere wa waya anausisita ndi chala chonyowa mpaka unazimirira. Sanalire ngakhale pang'ono, koma Madamu ndi amene anayang'ana kuzenera nthawi yaitali.

Zoumbazo zitauma zinapita ku uvuni wa ku yunivesite. Masiku amenewo Madamu mtima unali m'mwamba, foni ikalira ankangoganiza kuti ndi a Matope akudzapepesa.

Tsiku la chionetsero linafika. Chipinda cha ku myuziyamu chinali choyera mbuu, chokhala ndi nyali zazing'ono kudenga, ndipo amphaka a mbuzi aja anali pamatebulo ngati zinthu za mafumu. Mutu uja unali pakona. Sunaphulike, koma moto unaufiiritsa, unauchepetsa, n'kusiya kamng'alu kuseri kwa khutu.

Duu anaima patsogolo pake nkhope ili gwa.

"Achepa, Madamu. Asintha. Sindikudziwanso ngati ndi iwowo."

Madamu anauyang'anitsitsa mutuwo. Iwo bamboyo anangomuona kawiri kapena katatu pageti la sukulu, ndiye akanatsimikiza bwanji?

Nthawi yomweyo amayi ake a Duu analowa mochedwa, akuchokera ku shopu yawo yosokera, tepi idakali m'khosi. Mwanayo sanawauze chimene anaumba. Anadutsa magalimoto akumwetulira mwaulemu, anadutsa amphaka, kenako anaima. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwa pansi.

Anatambasula dzanja. Mlonda wa ku myuziyamu, amene ntchito yake yonse ndi kunena kuti osakhudza, anatsegula pakamwa. Madamu anamugwira mkono wa malaya, iye n'kutsekanso.

Mayiwo anasisita mphumi ya dongoyo, n'kukweza zala kutsitsi kumene mwanayo anakandakanda ndi kamtengo.

"Inunso bambo ake," anatero, "mpaka kubwera pagulu chonchi osapesa?"

Duu anawakoka chovala.

"Amayi, ndi iwowo?"

Mayiwo sanachotse maso pankhopeyo. Anangomukokera mwanayo pachifuwa ndi dzanja linalo.

"Nanga n'kukhala ndani, mwanangu?"