Fyuzi M'thumba la Che Halidi

Che Halidi anabwerako ku Joni ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kamita koyezera magetsi. Anthu a pa Namadzi ankayembekezera njinga yamoto, kapena wailesi ya makaseti awiri, monga ankabwerera matchona akale. Koma mkuluyo anatulutsa kachipangizo kachikasu ka mano awiri, kokhala ndi kagalasi kolemba manambala.

"Zaka zonsezi, alamu," anatero Che Asumani, mlongo wa mkazi wawo, akukatembenuza m'manja, "mwana munamusiya kumsana mpaka wakwatiwa, ndiye mwatibweretsera nkhanu?"

"Nkhanu imeneyo sinama," anayankha Che Halidi. "Kuno ndi yokhayo."

Ananena moseka, koma mtima unali wowawa. Namadzi amene anamupeza sanali amene anamusunga m'mutu zaka zonse zija. Mibawa ya m'mbali mwa mtsinje inali itasanduka mabenchi ndi makala. Phiri la Chiradzulu linkaoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Kumudzi kwa mayi awo, minda anali atagawana ana a alongo awo, anyamata amene anawapatsa moni ngati akupatsa wokhometsa msonkho. Khomo limodzi lokha linatseguka, la pachikamwini, kwa mkazi wawo Zuwena, amene Namadzi yense ankamutchula kuti Abiti Sabiti. Mayiyo anawalandirira sutikesi, nawayalira m'chipinda cha mwana wawo Latifa, amene tsopano anali pabanja ku Limbe.

"Tiyambe tazolowerana," anatero Abiti Sabiti, natseka chitseko cha kuchipinda kwawo.

Che Halidi ankadziwa bwino lomwe kuti khomo limeneli likadzatsekeka, kwina kolowera kunalibe.

Anasiya nyumba yaudzu, anapeza yamalata, golosale kutsogolo, magetsi m'zipinda zonse. Cha makedzana chinatsala chimodzi: kanyumba ka malemu apongozi awo, kuseri m'nthochi. Kumeneko sankayang'anako n'komwe. Mkamwini amene anazolowera kupatuka panjira akaona apongozi akubwera, miyendo yake siiwala, ngakhale apongoziwo atagona kumanda.

Munthu wopanda ntchito m'nyumba ya eni amafuna pogwira. Ku fakitale ya ku Germiston Che Halidi anali wothandizira amisiri a magetsi, ndipo kamitako kanali kawokawo. Ukalumitsa mano ake pa waya wamkulu wolowa m'nyumba, kamakuuza moto umene nyumbayo ikudya. Ukadina batani la pambali, kamasunga nambala yaikulu kwambiri imene yadutsa iwe kulibe. Tsono anakalumitsa pa bolodi ya mafyuzi mukhonde, nayamba kuiphunzira nyumbayo ngati chinenero chachilendo. Firiji ya m'golosale inali ndi nambala yake, mababu yawo, simbi yake. Mbaula yamagetsi ya kukhitchini inali ndi yolemera kuposa zonse, yosasokonezeka ndi china chilichonse.

"Anamanga waya wa m'nyumba muno ndani?" anafunsa tsiku lina. "Ntchito yaukhondo. Ngakhale ku Joni akanamulemba."

"Munthu wina wa ku Nguludi," anayankha Abiti Sabiti osadzutsa mutu pa nyemba zimene ankasankha.

Che Asumani, amene anali pomwepo, anayamba kukamba za mvula.

Mwezi wa Ramadhani unaoneka m'chaka cha chilala, chimanga chitapsa chiimire m'minda. Masana Namadzi ankachita zii, agalu ali lilime panja pansi pa mashedi a msika. Che Halidi ankavala kofia n'kupita kumzikiti kukaswali, kamita atakasiya kali chilumire.

Tsiku lina pobwerako anapeza kagalasi kakuonetsa nambala ya mbaula.

Anakazimitsa, anakayatsanso, anasintha batire. Analowa kukhitchini nagwira mbaulayo. Inali yozizira, koma pamwamba pake panali kansanza konyowa, koyala bwinobwino. Poto aliyense anali pamalo pake, wouma. M'mawa mwake nambala inali yomweyo. Mkuja wakenso.

Ali mwana, mwezi wosala unkaonekera pamadenga. Ukaima pachulu masana unkadziwa khomo la Msilamu ndi la Mkhristu, chifukwa utsi sunkabisira munthu. Tsopano kunabwera moto wopanda utsi, woti mkazi aphike dzuwa lili pamutu, woyandikana naye n'kumamutama kuti ndi wopemphera. Dziko linaphunzira kuchenjera iwo kulibe.

Anayamba kumuyang'anitsitsa mkaziyo. Ayi, sankadya yekha. Milomo inali yong'aluka, mawu osasa. Mwana wamng'ono panalibe pakhomopo. Ndiye ankaphikira wina. Wodya masana mwezi uno si Msilamu. Ndipo chakudya chobisa, chofufuta mapazi ndi kansanza konyowa, sachiphikira mkazi mnzako.

Maso awo anagwera pa Andrea, telala amene ankasokera pakhonde la golosale. Mnyamata wamkulu wa mano oyera, wokukuta chinangwa pamaso pa anthu osala, woitana Abiti Sabiti kuti "mayi wanga wa shuga" akafuna ulusi. Che Halidi anakhala naye pafupi masiku angapo, kumufunsa za kwawo, za mkazi wake, uku akununkhiza mpweya wake ngati namwino.

"Achimwene, mukufuna ndikusokereni chiyani?" anafunsa Andrea pamapeto pake. "Mwandiyeza ndi maso mpaka ndachita manyazi."

Pochokera kumzikiti, Che Halidi anawayamba Che Asumani.

"Alamu, mlongo wanu amaphika masana."

"Mwaona utsi?"

"Ndaona nambala."

Che Asumani anaima, nachotsa kamwala m'patapata, kamwala koti mwina munalibe.

"Alamu, tamverani. Mwapeza denga. Mwapeza futali madzulo, madzi osamba m'mawa. Anzanu amene anatchona ngati inu akugona m'mashedi mwa tomato. Nkhanu yanuyo ibwezereni m'sutikesi."

Munthu wosadziwa kanthu sayankha choncho. Tsono ankadziwa. Mwina Namadzi yense ankadziwa, ndipo moni wonse uja wa kumsika, "Mwabwera, Che Halidi, mwabwera," unali ndi chiseko kunsi kwake.

Madzulo, atamasula ndi madzi, futali wa mbatata ali pamphasa, anati: "Masana mbaula inayaka."

"Yakuuzani nkhanu?"

"Yandiuza."

"Ndiye ifunseninso zotsalazo," anatero Abiti Sabiti, nawakankhira mbale. "Idyani, zizizira."

Lachisanu, atasamba n'kuvala mkanjo, Che Halidi anaima pa bolodi. Mmisiri wa ku Nguludi uja anali atalemba ndi penti yoyera pansi pa fyuzi iliyonse: GOLOSALE, MABABU, KHITCHINI. Anazula yachitatuyo, kadongo koyera kozizira, nakaponya m'thumba. Popanda mbaula, mkaziyo akanayenera kusankha: munthu wakeyo agone ndi njala, kapena nkhuni ziyake Namadzi yense akuona.

Ulaliki wa shehe sanaumve. Pogwada, fyuziyo inkawabaya pantchafu. Mumtima ankati utsi sutuluka. Mkazi wa msinkhu umenewu, mayi wa golosale, woyang'anira amayi anzake pa maliro, sangataye ulemu wake chifukwa cha mimba ya chibwenzi.

Potuluka, anthu akufunafuna nsapato pakhomo, wina anati, "Kodi kukupsa?"

Utsi unali utakwera kuseri kwa golosale, wokhuthala, wa nkhuni zaziwisi, wowongoka ngati mtengo wa bulugamu chifukwa kunalibe mphepo. Amuna onse anatembenukira komweko. Panalibe woseka. Nkhalamba ina inayang'ana Che Halidi, kenako inayang'ana pansi.

"Mwatani, alamu?" anafunsa Che Asumani chapansipansi. "Mwachita chiyani inu?"

Che Halidi anali atayamba kale kuyenda. Pakhonde la golosale Andrea anali pamakina ake, akupalasa, pakamwa pali zingano. Sanali iye. Kuseri, mafuwa atatu anali akufukabe pabwalo poyera, osati m'khitchini, ngati wophikayo ankafuna kuti aliyense aone. Ndipo pakati pa nthochi, chitenje cha Abiti Sabiti chinali kulowa m'kanyumba ka apongozi.

Anafika pakhomo paja miyendo n'kukana yokha. Zinawapsetsa mtima kuti anthuwa anawawerenga bwino chotere: anadziwa malo amodzi amene mkamwini sangasuzumire. Anavula nsapato, nawerama, nalowa.

Pamatiresi panagona mwamuna wa imvi, woonda ngati bango, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Korona ya Akatolika inali pa msomali. Abiti Sabiti anali atagwada, atamutsamiritsa paphewa. Anadontheza phala kuseri kwa dzanja lawo kuti amve kutentha, pakuti kulawa sakanatha, kenako anaika sipuni pakamwa popotokapo. Theka linalowa, theka linatsikira kuchibwano. Anapukuta.

"Mwafika," anatero osacheuka. "Awa ndi a Mikaele. Munatama ntchito yawo."

"Ndi ndani wanu?"

"Mwamuna wanga."

"Mwamuna wanu ndine."

"Inu munali mwamuna wanga Latifa akuyamwa. Atadwala chikuku, amene anamubereka mpaka ku Nguludi ndi awa. Malata amene mukugonamowo anakhoma ndi awa." Sipuni ina. "Ankhoswe anakudikirani mpaka anatopa. Inu kumeneko munkagona ndi mtondo?"

Che Halidi anayang'ana korona ija pa msomali.

"Kwawo anawakana chifukwa chokhala ndi Msilamu. Kwathu anandinena mpaka malilime anatopa. Chaka chatha anagwa pa makwerero, osadzukanso. Ndiye kumva kuti mukubwera, achimwene akuti tiwabise kuno, nyumba ibwerere m'chilungamo, mtchona akazolowera tidzamuuza. Ine n'kuvomera. Uchitsiru wanga ndi umenewo." Anatembenuka tsopano, maso ofiira ndi utsi. "Namadzi yense amadziwa kuti awa ali muno. Utsi umene ndinkabisa ndinkabisira inu nokha. Lero mwaufuna, mwauona. Wakukwanani?"

Kunja kunamveka Che Asumani akutsokomola.

"Alamu, tulukani tikambe ngati akuluakulu. Mukanena mawu amodzi, mawa ndipeza ngolo, tikawatula kwa abale awo. Nkhani ithe."

"Achimwene, ngoloyo mukwere ndinu," anatero Abiti Sabiti mokweza. "Dothi lino ndi la amayi anga. Amuna onse awiri anafika pano ndi sutikesi."

Anapala phala lotsala m'mbali mwa bakuli.

"Awa sachoka. Inu, Che Halidi, sindinakuthamangitseni, ndipo sindikuthamangitsani. Koma ngati mukufuna kukhala, muzikhala mukudziwa. Masana mbaula iziyaka. Ndikalowa muno musamandiwerenge."

Che Halidi anayang'ana munthu wa pamatiresiyo. Anafunafuna pankhope pake chipongwe, kapena mantha, chilichonse choti adane nacho. Anangopeza diso limodzi lamoyo likuwayang'ana pathumba la mkanjo, pamene fyuzi inatukula nsalu. Milomo inagwedera, mawu akutuluka ngati akuchokera m'botolo.

"Akuti chiyani?"

"Akuti musaike waya wonenepa mufyuzimo mukamabwezera. Mbaulayo ndi yakale, ingatenthe nyumba." Abiti Sabiti anaika bakuli pansi, nagwira m'chiuno. "Amafunika kuwatembenuza, apo ayi atuluka zilonda. Msana wanga watha. Achimwene amaopa kudetsa mkanjo."

Che Halidi anaganiza za basi ya ku Limbe, za mwamuna wa Latifa amene sanamuonepo, za anyamata a kumudzi aja ndi moni wawo wouma, za mashedi a tomato. Anaziyeza zonse, chimodzichimodzi, ndipo sanadzinamize kuti chimene chinawagwetsa maondo chinali chifundo. Anapinda manja a mkanjo, nalowetsa mkono pansi pa mapewa a mwamuna wa mkazi wawo. Munthuyo anali wopepuka kuposa sutikesi ija.

"Pang'onopang'ono," anatero Abiti Sabiti. "Si thumba la chimanga."

Atatuluka anapeza Che Asumani atapita. Mafuwa anali atazilala. Mukhonde anatulutsa fyuzi, anaiyang'ana kuwala, waya wake woonda uli bwinobwino, naikankhira pamalo pake. Kenako anagwira kamita kuti akachotse, koma dzanja linaima.

Anakasiya kali chilumire. Panali firiji ija ya m'golosale, imene kuyambira tsiku loyamba sankaikhulupirira kaliridwe kake.